Wotumidwa akasocela, yang'anani kapepala kamene anapatsidwa

Pa wailesi yathu ya m'dela, nchito yoyamba imene amapatsa munthu watsopano ni kuwelenga mauthenga: a malilo, a ukwati, a mbuzi zosowa, a miting'i ya kopaletivu. Munthu amabwela na kapepala, amalipila kandalama, iwe n'kukhala pa maikolofoni kuwelenga monga mmene analembela. Caka canga coyamba n'nawelenga uthenga wina umene ukali kunivutitsa mpaka lelo.

Kapepalako kanati thupi la ambuya ena licoka ku Lusaka mailo m'mawa, ndipo acibale onse akumane pa Luangwa na 14 hours kuti alilandile. N'nawelenga usiku, liu lililonse pamalo pake. Kutaca, mnzanga anapeza kapepala komweko pa tebulo, nayenso anakawelenga mmene kanalili, na “mailo” wake yemweyo. Motoka ya malilo inafika pa Boma tsiku limene banja linakonza. Koma acibale ena anali atakwela kale kupita ku Luangwa Bridge, pa Great East Road, makilomita oposa 80 kucoka kuno, poganiza kuti motoka idzaima kumeneko. Ena amene anamva uthenga wa m'mawa anawelengela tsiku lotsatila. Mlongo wawo wa malemu, mdala wa ku Zumbo, anawoloka na bwato n'kufika masana, n'kupeza kuti manda anakwililidwa m'mawa.

Patapita masiku angapo mdala uja anabwela pa siteshoni. Sanakalipe. Ananifunsa cabe kuti, “Mwana wanga, pamene unali kuwelenga, iwe wemwe unadziwa kuti tikumane kuti?” N'nayankha kuti n'nawelenga zimene zinalembedwa. Anagwedeza mutu n'kunyamuka.

Nkhaniyi naikumbukila cifukwa tumapepala totele manje tayamba kulembedwela makompyuta, ndipo tsiku lina tudzakhudza ndalama zanu.

Ejenti wopanda manja

Ambili a inu mu Lusaka, Chipata na Kabwe mwaseweletsapo kale ChatGPT, Gemini kapena Meta AI ya pa WhatsApp. Mumafunsa, imayankha. Ikanama, mwataya mphindi zocepa na bundle pang'ono. Manje makampani afuna kuti AI izicita zinthu m'malo mwanu: kubuka tiketi ya basi, kugula mayunitsi a malaiti, kutumiza ndalama, kufufuta mafaelo. AI yotele amaichula kuti ejenti. Liuli tinalizolowela kale pa ma booth a mobile money, pamene umapatsa munthu namba na ndalama, iye n'kudina mabatani m'malo mwako.

Ejenti wa AI alibe manja. Amapatsidwa zida, ndiye kuti tumapulogilamu tung'onotung'ono, kena kofufuzila mitengo, kena kotumizila uthenga, kena kotumizila ndalama. Cida ciliconse cimabwela na dzina, mau ocepa ofotokoza nchito yake, na mipata yofunika kudzaza, monga namba ya foni na kuculuka kwa ndalama. Mkati mwa cida ejenti saonamo. Cimene amaona ni mau ofotokozawo basi. Akalandila pempho lanu amawelenga mau aja, amasankha cida, amadzaza mipata, pulogilamu n'kucita zimene yauzidwa. Inu eni ake ndalama nthawi zambili simuona n'komwe kapepala kamene ejenti wawelenga.

Mu June 2023 kampani ya OpenAI inayamba kulola olemba mapulogilamu kufotokozela AI yake zida mwa njila imeneyi. Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, imene ambili amangoti MCP, pangano la mmene cida cizidzionetsela kwa ejenti aliyense. Mu 2025 OpenAI na Google nawonso anaivomeleza. Kucokela apo, aliyense wodziwa kulemba pulogilamu angapange cida, n'kulemba mizela iwili yocifotokoza, n'kuciika pa intaneti. Zida zotele zilipo masauzande. Ndani amayesa mizela iwili ija, ndipo amaiyesa bwanji?

Maganizo anga ni akuti mau ofotokoza cida sungawadziwe ubwino wake pongowawelenga. Uyenela kutuma ejenti nawo, kambili, na mapempho enieni a anthu amene adzamugwilitsila nchito, n'kuona kumene wafika. Ngati anthuwo ndise, mapempho akhale athu, m'makambidwe athu.

Kodi 5 pin ni zingati?

Tiyelekeze cida cotumizila ndalama. Mau ake, amene kawilikawili amalembedwa m'Cizungu, akuti: “Cimatumiza ndalama kwa munthu. Ikani namba na ndalama.” Mukapatsa tica aliyense kuti aconge, adzati n'zomveka, n'zazifupi, palibe colakwika.

Manje mnyamata wa ku Kanyama alembela ejenti kuti, “Tumiza 5 pin kuli ambuya ku Luangwa, uikepo na yocotsela.”

Pa 1 January 2013 Bank of Zambia inacotsa ma zilo atatu pa ndalama yathu, K5,000 yakale n'kukhala K5. Mpaka lelo alipo akuluakulu amene akati “5 pin” akamba K5, ndalama ya vitumbuwa. Wacinyamata wa mu tauni akati “5 pin” nthawi zambili akamba K5,000 ya lelo. Mau amodzimodzi, koma ina iposa inzake ka 1,000. Ejenti asankhe iti? Kapepala kake sikanamuuze kuti akakaikila afunse.

Sipathela apo. Zida zambili zolipilila pa intaneti zimafuna kuti ndalama ilembedwe m'tundalama tung'ono, masenti ku America, kwathu kuno ngwee. Ngati cida ciwelengela ngwee koma mau ake sananene, ejenti akalemba 500 poganiza K500, ambuya adzalandila K5. Kwacha nayonso ilipo iwili, yathu na ya ku Malawi, ndipo wamalonda wa pa Mwami amagwila zonse tsiku limodzi. Kuno ku Feira, dzina limene m'Cipwitikizi litanthauza msika, nsomba imodzi ingagulidwe na kwacha, na metical ya ku Zumbo tsidya la Luangwa, olo na dola ya ku Kanyemba tsidya la Zambezi. Namba ya foni ilembedwe kuyambila pa 097, kapena pa +260? Nanga ngati ambuya ali na laini ya ku Mozambique yoyamba na +258, cida cikana kapena citumiza kwa munthu wina? “Yocotsela” ni zingati, ndipo alipila ndani? Ndalama ikapita kolakwika, ibwelela?

Mau abwino a cida cimeneci angakhale otele: “Cimatumiza kwacha ya Zambia ku namba ya mobile money ya mu Zambia cabe. Ndalama ilembedwe mu kwacha, osati mu ngwee. Namba iyambe na +260. Ndalama ikapita, cida ici sicingaibweze. Musanatumize, onetsani munthu dzina la wolandila na kuculuka kwa ndalama m'manambala, ndipo yembekezani kuti avomele. Ngati wakamba ndalama m'mau monga pin, funsani. Polipila sukulu kapena malaiti gwilitsilani nchito cida colipilila mabilu.” Si mau okoma kuwelenga. Koma wotumidwa amene sanafikepo ku Zambia angafike nawo pakhomo loyenela.

A Anthropic eni ake analemba mu December 2024 kuti pamene anali kukonza ejenti wolemba mapulogilamu, anataya nthawi yambili pa zida kuposa pa malangizo aakulu a ejentiyo. Anaona kuti amalakwitsa akapatsidwa mpata wolemba adilesi ya faelo mwacidule. Atasintha cida kuti cizifuna adilesi yonse kuyambila pa ciyambi, kulakwitsako kunatha. Ni nkhani ya “Luangwa” na “Luangwa Boma” yomweyo. Wanzelu anali yemweyo, cimene cinasintha ni kapepala.

Mamaki a kapepala

Njila imene yafala poyesa mau a zida ni yopatsa mamaki. Munthu, kapena AI ina, amawelenga mau a cida n'kuconga: kodi achula nchito yake? Afotokoza mipata yonse? Anena pamene cida siciyenela kugwila nchito? Apeleka citsanzo? Pamapeto cida cimalandila mamaki, monga mwana wa Grade 7.

Sinikana kuti zimenezi zithandiza. Pa zida masauzande, payenela kukhala sefa yoyamba yocotsa zija zimene mau ake ni dzina cabe lobwelezedwa. Ifenso pa siteshoni tili na fomu manje: dzina la malemu, mudzi, mfumu, tsiku, nthawi, malo. Fomu imagwila zoiwalika zambili.

Koma uthenga wa ambuya aja ukanaphasa fomu. Malo analipo: Luangwa. Tsiku linalipo: mailo. Nthawi inalipo. Woconga amene sadziwa kuti Luangwa ni tauni, ni mlatho, ni mtsinje, ni paki ya nyama ku Mfuwe, komanso ni komboni ku Kitwe, akanapeleka mamaki onse. AI imene iconga mau a cida inaphunzila pa zolembedwa zomwezo zimene ejenti anaphunzilapo. Pamene ejenti ali wakhungu, wocongayo nayenso ni wakhungu. Onse awili adzagwilizana kuti “Ikani dzina la malo” n'zomveka, mpaka msodzi wa kuno afunse za mphepo ya mailo n'kupatsidwa nyengo ya ku Mfuwe.

Vuto lina la mamaki n'lakuti amakonda zazitali. Wolemba akadziwa kuti mfundo iliyonse ibweletsa maki, amadzaza tsamba. Koma ejenti amawelenga mau a zida zonse zimene wapatsidwa nthawi iliyonse, ndipo liu lililonse limadya malo m'mutu mwake na ndalama za kampani. Zida zikaculuka, ciliconse na nkhani yake yaitali, amayamba kusokoneza. Aliyense amene anawelengapo uthenga pa wailesi adziwa kuti ukachula maina a adzukulu 20, omvela amaiwala tsiku la malilo. Mzela umene susintha zocita za ejenti ucotsedwe, olo ukhale wa mamaki.

Kuyesa potuma

Kucokela tsiku limene mdala wa ku Zumbo anabwela, nili na cizolowezi cimodzi. Uthenga wofunika nisanauwelenge, nimaupeleka kwa munthu amene sadziwa banjalo, kaya a malonda a pa geti kaya amai ogulitsa vitumbuwa panja. Siniwafunsa ngati uthengawo ni wabwino, cifukwa aliyense amati ni wabwino. Nimawafunsa kuti, “Amai, mukanakhala acibale, mukanapita kuti, tsiku liti, nthawi yanji?” Akayankha zosiyana na zimene banja lifuna, kapepala kabwelela kwa mwini wake.

Zida za AI ziyesedwe cimodzimodzi. Coyamba, sonkhanitsani mapempho monga mmene anthu amalembela pa foni: Cinyanja cosakaniza na Cizungu, Cinsenga apa na apo, masipelo okhota, uthenga wa mau wojambulidwa mu minibasi. Mapempho oyela olembedwa mu ofesi na munthu yemwe analemba cida sayesa kalikonse, cifukwa iye adziwa kale zimene anatanthauza.

Ndiyeno tumani ejenti, muone zimene zacitika. Osamvela zimene iye akamba, pakuti ejenti angakuuzeni mwaulemu kuti “natumiza” pamene watumiza kolakwika. Yang'anani m'buku: ndalama zingati zacoka, zapita pa namba iti. Mu June 2024 kampani ya Sierra ku America inatulutsa mayeso ochedwa tau-bench amene amacita zimenezi. Ejenti amapatsidwa zida na malamulo a sitolo kapena a kampani ya ndeke, amakambilana na kasitoma woyelekezela, ndipo pamapeto amayang'ana ngati zolembedwa za kampani zili mmene ziyenela kukhalila. GPT-4o, imene inali pakati pa zamphamvu kwambili panthawiyo, inakwanitsa nchito zosafika theka. Atayang'ana nchito zimene inakwanitsa maulendo 8 onse popanda kuphonya, pa za sitolo zinali zosafika 25 pa 100 zilizonse. Ma AI a lelo aposa pamenepo, koma phunzilo likalipo: kupambana kamodzi si umboni. Woyendetsa bwato amene amakuwolotsa bwino maulendo 7 pa 8 palibe amene angakwele bwato lake.

Pamene mwapeza polakwika, sinthani mzela umodzi m'mau a cida, mutumenso na mapempho omwewo. Zolakwa zikacepa, mzelawo wagwila nchito. Zikakhala cimodzimodzi, unali wokongoletsa cabe. Apa m'pamene mungasiyanitse vuto la kapepala na vuto la ejenti, osati pokangana mu miting'i.

Zolakwa nazonso sizilemela mofanana. Ejenti akasankha cida coonetsa ndalama zimene zatuluka m'malo mwa coonetsa zotsala, mwataya masekondi. Akatumiza K5,000 m'malo mwa K5, lendi yapita. Kampani imene ikuuzani kuti ejenti wake amakhoza 95 pa 100 muifunse kuti 5 zotsalazo n'zotani. Ngati zonse zili pa cida cotumiza ndalama, 95 ija ilibe phindu kwa inu.

Ndipo pa mayeso pakhale mapempho amene yankho lake loyenela ni kuima. Caka ciliconse boma limatseka usodzi m'madzi ambili a mu Zambia kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, kuti nsomba ziswane. Ngati wina apanga cida coodela nsomba kwa asodzi, ndipo mau ake sachula za nyengoyi, ejenti adzaoda mu January mosangalala, mai wamalonda n'kulandidwa katundu pa roadblock. Makolo anati safunsa anadya phula. Mau abwino amauza ejenti pofunika kufunsa na pofunika kukana. Ambili olemba zida amafotokoza cabe zimene cida cikwanitsa, monga wotsatsa malonda, n'kusiya malile ake.

Kapepala kangathenso kunama

Palinso cina cimene kuwelenga cabe sikungaonetse: kodi cida cicitadi zimene mau ake akamba? Mu September 1999 bungwe la NASA linataya combo cochedwa Mars Climate Orbiter cili pafupi kufika ku Mars. Pepala la mgwilizano linati mphamvu iziwelengedwa mu newton. Pulogilamu ya gulu limodzi inali kutulutsa manambala mu mapaundi, gulu linalo n'kumawalandila monga newton. Pepala linali lolondola, cida cinali kucita zina, ndipo palibe anaziika pamodzi mpaka combo cinatayika. Ngati zinacitikila akatswili a NASA, zingacitikile anyamata atatu opanga app pa laptop imodzi ku Kabwata. Pulogilamu imasinthidwa wiki iliyonse, koma mau ofotokoza amaiwalika mmene analili caka catha.

Kunama kwina n'kwadala. Mu April 2025 ofufuza a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu angabise malangizo mkati mwa mau a cida. Cida cimaoneka ca masamu wamba, cophatikiza manambala awili, koma m'mau ake muli mizela youza ejenti kuti atsegule mafaelo acinsinsi a mwini kompyuta, awatumize kunja, ndipo asamuuze. Ejenti amamvela, cifukwa kwa iye mau a cida ni malangizo. Mwini wake amaona dzina la cida cabe. Tonse tinalandilapo ka SMS kakuti “ndalama ija mutumize pa namba iyi”. Ife tinaphunzila kukaseka. Ejenti akali kuphunzila, ndipo iye amalandila ka SMS kake pamalo pamene inu simuona.

Pangano la MCP lili na tuzizindikilo tumene wopanga cida angaike kuonetsa ngati cida cimangowelenga cabe kapena cingawononge zinthu. Koma pangano lomwelo licenjeza kuti tuzizindikilo tumenetu tusakhulupilidwe ngati tucokela kwa munthu wosadziwika. N'zomveka, pakuti wakuba nayenso adziwa kulemba “ndine wokhulupilika” pa malaya ake. Conco woyesa ayang'ane zimene cida cacita kumbuyo, n'kulinganiza na zimene cinalonjeza.

Amene anganitsutse

Nidziwa kuti wina akuti, “Iwe, ku Luangwa njovu zikudya minda, netiweki imacoka mukangopita kuseli kwa phili, ndiye ukamba za ma ejenti a AI?” Zoona, mavuto athu a lelo ni amenewo. Koma kumbukilani mmene mobile money inabwelela. Poyamba tinaiona monga za anthu a mu tauni. Lelo nsomba youma imene igulitsidwa pa Luangwa Bridge imalipilidwa pa foni, ndipo ambuya amene sanalowepo mu banki ali na PIN. Malamulo a mmene zinthuzo zigwilila nchito anapangidwa ise tisanafunsidwe, ise n'kungophunzila kukhala nawo. Ma ejenti akali pa ciyambi. Nthawi yabwino yonena kuti “pin” ili na matanthauzo awili ni pamene mau a zida akali kulembedwa.

Wina adzati AI ikukula nzelu mwezi uliwonse, posacedwa izimvetsa yokha. Nzelu zithandiza, koma sizipanga cidziwitso cimene palibe. Munthu wa PhD mukamupatsa kapepala ka ambuya aja, nayenso sangadziwe ngati ni pa Bridge kapena pa Boma. Cimene nzelu zingamuthandize ni kuzindikila kuti sadziwa, n'kufunsa. Ndipo ejenti wanzelu kwambili amene waganizila molakwika ni woopsa kuposa wopusa, cifukwa amakamba motsimikiza mpaka inu n'kuvomela.

Wacitatu ali na mfundo imene nimaivomeleza. Iye akuti kukamba kwambili za mau ofotokoza kungapatse makampani pothawila, kuti zikalakwika azingoti “ejenti sanamvetse”. N'zoona kuti mau si mpanda. Kulemba kuti “musatumize ndalama popanda cilolezo” sikokwanila. Pulogilamu yeniyeniyo ikane kutumiza mpaka mwini ndalama aike PIN yake, ndipo pakhale malile a ndalama imene ejenti angatulutse pa tsiku. Koma zimenezi sizicotsa mlandu pa wolemba mau. Zimauika pamalo pake. Ejenti sangapite ku khoti, sangapepese pa malilo. Kampani ndiyo inalemba kapepala, ndiyo inasankha wotumidwa, ndiyo inadya phindu. Zikasocela, ibweze ndalama. Pa siteshoni pathu sitinanene kuti maikolofoni ndiyo inalakwa.

Nchito imene ikuyembekezani

Kumapeto kwa 2024 unduna wa Technology and Science unatulutsa ndondomeko ya dziko ya AI, ndipo kucokela mu 2021 tili na lamulo la Data Protection Act loteteza zinsinsi za anthu. Mapepala amenewa ni ciyambi. Cimene ningapemphe a Bank of Zambia na a ZICTA n'cakuti kampani iliyonse imene ifuna kulola ejenti wa AI kugwila ndalama za anthu ionetse zotuluka za mayeso ake: inatuma kangati, m'zitundu ziti, inalakwitsa pati, ndipo inakonza ciani. Dziko lino lili na zitundu 7 zimene timaphunzitsa m'masukulu na kuulutsila pa wailesi ya boma. Mayeso a m'Cizungu cokha ni mayeso a anthu ocepa.

Kwa inu amene muphunzila za makompyuta ku UNZA, ku Evelyn Hone, kapena mumapita ku BongoHive, mukalemba cida musathamangile kumaliza mau ake m'mphindi ziwili zothela. Alembeni monga mulembela mlendo wanzelu amene wafika lelo pa Intercity, sadziwa Soweto, sadziwa meda, ndipo sangakuimbileni foni kuti afunse. Mukamaliza, apatseni mnzanu amene sanaone pulogilamu yanu, mumufunse zimene angacite nawo. Pambuyo pake mutume ejenti ka 20.

Kwa inu ena amene simulemba mapulogilamu, musaganize kuti nkhaniyi si yanu. Kuyesa kumene nakamba sikufuna digili. Kufuna munthu wodziwa kuti “mailo” ingakhale dzulo olo mawa, kuti meda na tini si muyeso umodzi, kuti munthu akati “nitumileni ka something” sanachule ndalama iliyonse. Kondakitala wa minibasi, mtsikana wa pa booth, mai wa pa Soweto, onsewa ali na mapempho ovuta m'mutu kuposa amene injiniya wa ku San Francisco angaganize. Alembeni m'kabuku. Tsiku limene app ya banki kapena ya netiweki yanu idzakuuzani kuti “lankhulani na wothandiza wathu wa AI”, muyambe mwamuyesa na K5 musanamupatse lendi. Mulembeleni mmene mumakambila, muone ngati afunsa. Akalakwitsa, jambulani screenshot, mutumize ku kampani, muuzenso anzanu.

Kapepala ka ambuya aja nikali nako m'faelo ya pa siteshoni. Wacinyamata watsopano akabwela kudzaphunzila kuwelenga mauthenga, nimamupatsa kuti awelenge mokweza. Onse amawelenga bwino, mau omveka, kupuma pamalo pake. Akamaliza nimawafunsa funso la mdala wa ku Zumbo. Ambili amayamba ayang'ananso pa kapepala, kenako n'kufunsa kuti, “Luangwa iti?” Akafunsa conco, nimawapatsa maikolofoni.